Wotchi ndi Dzuwa Pakhomo Pathu

Amayi anzanga, pali mkangano umene sutha m'magulu athu kuno ku Ntcheu, kuyambira pa boma mpaka kumidzi ya kwa Njolomole ndi kwa Ganya, ndipo sabata ino ndafuna kuti tiukambe poyera. Mbali imodzi kuli amayi amene amati pakhomo posasunga nthawi ndi pakhomo pa chisokonezo. Iwowa amafuna kuti mayi adzuke nthawi yakuti, asese nthawi yakuti, nsima ikhale itaphikidwa nthawi yakuti, ndiponso kuti tsiku lililonse la sabata likhale ndi ntchito yakeyake yosasinthika. Mbali inayo kuli amayi amene amangoseka nati, "Kodi mvula ili ndi wotchi? Nanga maliro amayamba aona kalendala?" Awa amagwira ntchito imene yawapeza, ndipo yotsala amati idzaoneka mawa.

Mukawamvetsera bwino, onse ali ndi mfundo. Koma ine amene ndakhala ndikusonkhanitsa amayi kwa zaka zambiri tsopano, ndaona chinthu china chimene mbali zonse ziwiri sizitchula. Ambiri a ife timaumirira pa ntchito zimene zikadatha kudikira popanda wovulala, ndipo timalekerera zija zimene sizidikira munthu. Mayi amene angachite manyazi aakulu dzuwa litatuluka pabwalo pake posasesa, ndi yemweyo amene amaphonya tsiku la sikelo chifukwa kwabwera alendo. Komatu bwalo losasesa silidaphepo mwana, pamene chikuku chidatenga ambiri.

Tiyambe takumbukira kuti makolo athu sadali anthu osadziwa nthawi. Chinenero chathu chomwechi ndi mboni. Tili ndi tambala woyamba ndi wachiwiri, nthanda itatuluka, m'bandakucha, dzuwa lili paliwombo, dzuwa litapendeka, chisisira, ndiponso nthawi imene ng'ombe zimalowa m'khola, imene Mngoni aliyense amaidziwa popanda kufunsa. Chaka nachonso chidali ndi zizindikiro zake: mitengo kuphukira, chizimalupsa, dzinja, masika, chisanu ndi chilimwe. Nthawi yotere siinkawerengedwa ndi manambala ayi, inkayenda pamodzi ndi ntchito. Mayi ankadziwa kuti mphale ikaviikidwa lero idzavuulidwa pakapita masiku awiri kapena atatu, ndipo ufa udzayanikidwa tsiku limene kwacha bwino. Mukadamufunsa kuti ufawo uuma nthawi yanji, akadangoyang'ana kumwamba.

Wotchi ndi belu zidabwera ndi mishoni, sukulu ndi ntchito yolembedwa. Kuno kwathu ansembe a Montfort adafika ku Nzama m'chaka cha 1901, ndipo mishoni zina monga Mlanda ndi Gowa nazonso zidali ndi sukulu zoitana ana pa nthawi yake. Abambo amene adapita kuminda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, kapena kumigodi ya ku Johannesburg kudzera ku Wenela, adabwerera ndi wotchi padzanja ndiponso chizolowezi chodya ndi kudzuka pa ora loikika. Ngakhale maina a masiku athu a sabata amaulula kumene adachokera. Lolemba ndi tsiku lolemba anthu ntchito, ndipo Loweruka ndi tsiku loweruka kuntchitoko. Masiku apakatiwo amangowerengedwa, lachiwiri, lachitatu, mpaka lachisanu, monga momwe kapitawo ankachongera pa tikiti ya wantchito. Tsono taonani, mayi wa pakhomo sadalembedwe ntchito Lolemba, ndipo saweruka Loweruka. Sabata imeneyi siidapangidwire iye.

Ku England kudali mwambo wakuti Lolemba ndi tsiku lochapa, Lachiwiri losita. Gogo wina wa m'gulu lathu, amene adaphunzira ntchito zapakhomo ali mtsikana, amatiuza kuti nayenso adaphunzitsidwa chomwecho, ndipo adachisunga mokhulupirika mpaka dzinja loyamba la ukwati wake. Sabata ina mvumbi udagwa Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu. Zovala zidanunkha chinyezi m'nyumba, ndipo Lachinayi, pamene dzuwa lidawala bwino, ndandanda yake idati ndi tsiku losoka. Akamasimba amaseka mpaka misozi.

Mwana wa kubere sadziwa ora

Nkhani ya zovala ndi yoseketsa, koma pali ina imene siseketsa. Ku dziko la New Zealand kudali dokotala wina dzina lake Truby King, amene m'chaka cha 1907 adayambitsa bungwe la Plunket losamalira makanda. Munthuyu adali ndi cholinga chabwino, pakuti adalimbikitsa amayi kuyamwitsa ndi kusunga ukhondo. Koma adaphunzitsanso kuti khanda liziyamwa pa nthawi yoikika, pakapita maola anayi, usiku osaliyamwitsa, ndipo likalira nthawi isadakwane lisiyidwe kuti lizolowere mwambo. Chiphunzitso chimenechi chidafala ku Britain ndi kumaiko ena, ndipo anamwino ambiri a nthawi imeneyo adachitenga ngati nzeru ya anthu ophunzira. Mayi wakumudzi amene ankabereka mwana wake kumsana ndi kumuyamwitsa paliponse, kumunda, pamtondo, usiku pamphasa, ankaoneka ngati wosadziwa.

Patapita zaka a zaumoyo adatsimikiza kuti wodziwa adali mayi wakumudziyo. Bere limapanga mkaka molingana ndi mmene mwana akuyamwira. Akamayamwa kawirikawiri mkaka umachuluka, koma akamadikira wotchi mkaka umachepa, ndipo mayi amayamba kudandaula kuti bere lake lauma, n'kuthamangira kabotolo kapena kaphala kamadzi mwana asadafike msinkhu. M'chaka cha 1989 mabungwe a WHO ndi UNICEF adatulutsa mfundo khumi za kuyamwitsa bwino, ndipo imodzi mwa izo idali yakuti mwana ayamwe nthawi iliyonse imene wafuna. Uphungu umene timalandira kusikelo lero ndi womwewo: bere lokha miyezi 6 yoyamba, usana ndi usiku, maulendo osachepera 8 pa tsiku, ndipo apitirize kuyamwa mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira pamene akudya zakudya zina.

Ndatchula izi makamaka kaamba ka inu amayi achitsikana a m'tauni, amene mumawerenga pa foni malangizo ochokera kutali onena kuti khanda lizidya ndi kugona pa ora lake kuti lisakusokonezeni. Ndikumva chimene chimakukopani, pakuti ena a inu muli pantchito ndipo tulo mulibe. Koma mukafuna kusunga ndandanda, isungeni pa zina. Mwana akayamba kutembenuza mutu, kuyamwa zala ndi kutsegula kukamwa, wanena kale kuti nthawi yakwana, ndipo kulira ndi chizindikiro chomaliza.

Zimene sizidikira munthu

Musandimve molakwa, amayi, ngati kuti ndaima ndi aja oseka kalendala. Mwana yemweyo amene sitimuyamwitsa ndi wotchi, katemera wake ndi wa kalendala. Akangobadwa amalandira woyamba, kenaka pa masabata 6, 10 ndi 14, ndipo wa chikuku pa miyezi 9 ndi winanso pa miyezi 15. Masiku amenewa sadaikidwe mwachisawawa. Chitetezo chimene mwana amabadwa nacho kuchokera kwa mayi wake chimanka chichepa, ndipo katemera adaikidwa kuti mwanayo asakhale nthawi yaitali wopanda chitetezo. M'chaka cha 2010 chikuku chidagwira anthu oposa 130,000 m'dziko muno. M'chaka cha 2022 poliyo, amene ambiri tinkati adapita, adapezeka mwa mwana wina ku Lilongwe, ndipo alangizi a zaumoyo adayenda khomo ndi khomo kudontheza katemera. Zengerezu adalinda kwawukwawu, adatero akuluakulu.

Pali mantha ena amene ndifuna kuwachotsa pano. Amayi ena akaphonya tsiku limodzi la sikelo amaopa kukadzudzulidwa, ndipo mwezi umasanduka miyezi itatu, buku la mwana lili m'sutikesi. Dziwani kuti katemera wochedwa sayambidwanso poyamba ayi, amangopitirira pamene adalekera. Mawu okalipa a tsiku limodzi amapola. Nyamulani mwana mupite.

Malungo nawo ali ndi ora lawo, ndipo inu a kuchigwa cha Bwanje, Kasinje ndi Sharpevale, kumene udzudzu uli wambiri, mukuwadziwa kuposa ine. Amene tili ndi zaka makumi anayi taona mankhwala a malungo akusintha kawiri. Chloroquine adasiyidwa m'chaka cha 1993 pamene adaleka kugwira ntchito, m'malo mwake mudabwera Fansidar, ndipo iyenso adatha mphamvu mpaka m'chaka cha 2007 boma lidabweretsa LA. Mankhwala a LA amamwedwa maulendo 6 pa masiku atatu. Mukapereka koyamba, kachiwiri ndi pakapita maola 8, ndipo masiku awiri otsatirawo ndi m'mawa ndi madzulo, wodwala atadya kapena atayamwa. Tsono chimene chimachitika m'nyumba zathu ndi ichi. Tsiku lachiwiri mwana wayamba kusewera, thupi lazizira, ndipo mayi amati wachira, nasunga mapiritsi otsalawo kuti adzathandize wina. Tizirombo timene tatsala m'magazi timadzukanso, mwana amagwanso pakapita masabata awiri, ndipo timati malungo a chaka chino ndi ouma mutu. Mwana akatentha thupi, tsiku lomwelo ndi la kuchipatala. Nyemba zili pamoto zikhoza kuphulidwa zisadapse, n'kudzatereka pobwera.

Chimodzimodzi ndi ma ARV, amene boma lidayamba kupereka mwaulere m'chaka cha 2004 ndipo lero ambiri amamwa piritsi limodzi pa tsiku. Mphamvu yake ili pa kusadumphitsa. Mankhwala a chifuwa chachikulu ndi a miyezi 6 yathunthu, ngakhale chifuwa chitaleka m'mwezi wachiwiri. Za kulera nazonso ndi zotero. Jakisoni ndi wa miyezi itatu, ndipo mapiritsi aja amene amapatsidwa kwa amayi oyamwitsa ndi okhwima kwambiri pa nthawi, moti mukachedwa kumwa ndi maola oposa atatu chitetezo chake chimachepa. Pali ana ena okondedwa ndithu pakati pathu amene adabwera chifukwa mayi wawo adati ndimwa ndikamaliza kutsuka mbale.

Nanga mayi wopanda wotchi achite bwanji? Njira imene ndaona ikugwira ntchito ndi yomangirira mankhwala ku chinthu china chimene sichisuntha tsiku ndi tsiku. Ena amamwa nkhani za pa wailesi zamadzulo zikamayamba. Ena amatchera belu la pa foni, ndipo ngati simudziwa kutchera kwake, mwana wa Sitandade 5 akuchitirani m'kanthawi kochepa. Musamangirire ku chakudya chamadzulo ngati chakudyacho chimapsa lero 6 koloko, mawa 9 koloko. Tsiku la sikelo ndi la jakisoni lilembeni pakhoma kapena pa kalendala, ndipo muuzeko mnzanu mmodzi wa m'gulu amene mumamukhulupirira kuti azikukumbutsani.

Kumunda ndiko kumene nzeru ziwirizi zimakumana, ndipo mlimi wabwino amazisunga zonse. Tsiku lobzala silingalembedwe pa kalendala. Amene adanena kuti ine chaka chilichonse ndimabzala sabata yakuti ya Novembala, wataya mbewu kangapo. Chizimalupsa sichibzalitsa, ndipo masiku ano mvula imatha kuyamba bwino n'kudula masabata atatu, monga tidaonera m'nyengo ya 2023 mpaka 2024, pamene ng'amba idachititsa kuti boma lilengeze za ngozi m'maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino. Pobzala timayang'ana kumwamba ndi kukumba pansi kuti tione pamene chinyezi chafika. Koma mbewu ikangolowa m'nthaka, kudikira kwatha ndipo kuwerenga masiku kwayamba. Feteleza wokulitsa amathiridwa pobzala kapena chimanga chikangomera, wobereketsa pakapita masabata atatu kapena anayi, ndipo kupalira koyamba kusapitirire masabata atatu. Udzu sudziwa kuti kwanu kuli chinkhoswe. Feteleza amene mwagula ndi ndalama zowawa, mukamuthira mochedwa m'munda wosapalira, mwadyetsa udzu. M'mera mpoyamba.

Kukolola nakonso kuli ndi mbali ziwiri. Chimanga ndi mtedza zimauma pa liwiro la dzuwa, ndipo wofulumira kuzitsekera m'matumba zisadaume amaitana chuku, chimene chimadwalitsa banja mwakachetechete. Apa ndi pofunika kudekha. Koma zikangouma, kuthira mankhwala oteteza ku anankafumbwe kapena kutsekera m'matumba osalowa mpweya si ntchito ya mwezi wamawa.

Boma limodzi, nyengo ziwiri

China chimene chimandiletsa kupatsa amayi onse ndandanda imodzi ndi boma lathu lomweli. Ku Tsangano ndi ku Lizulu, kumtunda kufupi ndi malire a Mozambique, m'miyezi ya Juni ndi Julayi m'mawa madzi amaluma zala, ndipo wosambitsa khanda m'bandakucha chifukwa ndandanda yatero sakulichitira chifundo. Kuchigwa m'mwezi wa Okotobala, wopita kumunda dzuwa litakwera wapita kukadzipsereza, ndipo ntchito yolimba iyenera kutha 10 koloko isadakwane. Mayi wa kachewere ndi kabichi amene amagulitsa pa msika wa Lizulu kapena pamphambano ya Tsangano, tsiku lake limalamulidwa ndi magalimoto a pa msewu wa M1, pakuti wogula wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe sadikira kuti iye amalize kuzira m'nyumba. Amayi atatuwa onse ndi akhama, koma tsiku lawo silingafanane.

Madzi ndi magetsi nazonso zatiphunzitsa. M'chaka cha 2018 damu la Mpira lidaphwa, ndipo mipopi yambiri ya kuno ndi ku Balaka idauma. Amayi amene adazolowera kutunga pafupi adayamba kudzuka tambala asadalire kukaima pa mjigo. M'chaka cha 2022 namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo kwa miyezi yambiri amayi a m'tauni ankasita ndi kugayitsa pa nthawi imene magetsi abwera, kaya ndi pakati pa usiku. Amene adapirira bwino masiku amenewo ndi aja odziwa kusinthanitsa ntchito msanga, osati aja okhala pansi kudandaula kuti Lachiwiri ndi tsiku losita.

Chifukwa chake pa ntchito zapakhomo za tsiku ndi tsiku ine ndimalangiza kusunga mndandanda wa chimene chiyambe ndi chimene chitsate, osati maora. Madzi ayambe, pakuti popanda madzi palibe chophikidwa kapena chochapidwa. Zofuna dzuwa, monga kuchapa, kuyanika ufa ndi kufutsa masamba, zitsogole kukacha bwino. Zosafuna dzuwa, monga kusoka, kusenda mtedza, kutokosa chimanga ndi kusankha nyemba, zisungidwire tsiku la mvumbi kapena nthawi yocheza ndi mlendo, pakuti manja amatha kugwira ntchito pakamwa pakuyankhula. Nyemba zikaviikidwa usiku zimapsa msanga ndi nkhuni zochepa, ndipo imeneyo ndi ntchito ya kamphindi imene imawombola maola mawa lake. Ndipo musadzaze tsiku lonse mpaka pakamwa ngati mtsuko wopita nawo kutali. Siyani mpata, pakuti pakhomo pa anthu sipalephera chodzidzimutsa: mbuzi yalowa m'dimba la eni ake, mwana wadzicheka, apongozi atumiza uthenga.

Pali nthawi ina imene si yanu nokha, ndipo pa imeneyi ine ndine wouma mtima. Banki m'khonde, imene njira yake idayambira ku Niger m'chaka cha 1991 ndi bungwe la CARE isadafike kuno, imayenda chifukwa cha tsiku limodzi ndi ora limodzi losasuntha. Tikapangana 2 koloko Lachitatu, mayi wofika 3 koloko wabera anzake makumi awiri ora limodzi aliyense, ndipo ena mwa iwo asiya ana ndi mnansi kapena atseka kagolosale. Chindapusa cha wochedwa si nkhanza. Magulu amene ndawaona akutha sadathe chifukwa cha kuba kokha ayi, ambiri adayamba ndi kulekerera kuchedwa, kenaka kujomba, kenaka kubweza ngongole mwezi wotsatira, mpaka pogawana bokosi lidapezeka lopepuka. Chimodzimodzi ndi misonkhano ya amayi a kumpingo ndi ya komiti ya mjigo. Wosunga nthawi ya gulu akulemekeza anzake.

Nthawi ya sukulu nayonso si ya mayi, ndi ya mwana. Chiyambire 1994 pulayimale ndi yaulere, koma belu la m'mawa silidikira mtsikana amene watumidwa kumjigo kawiri, kusesa bwalo ndi kutsuka mbale za dzulo, pamene mlongo wake wangosamba n'kunyamuka. Mtsikanayo amafika mochedwa, amapatsidwa chibalo, amaphonya masamu a m'mawa, ndipo pakutha pa chaka timati alibe mutu. Pano ndi pamene ndikupemphani kuti mufewetse mtima pa ntchito zapakhomo. Mbalezo zitsukidwe madzulo, madzi atungidwe dzulo lake, mnyamata nayenso agwire tsache, ndipo ngati bwalo litsala losasesa mpaka masana, litsale. Anthu odutsa adzanena, inde, koma sadzamulembera mayeso mwana wanu.

Tsopano ndifike pa nkhani imene ambiri mumandinong'oneza tikaweruka pa msonkhano, nkhani ya abambo akunyumba ndi nsima yawo. Alipo abambo amene amafuna chakudya pa ora lake ngati kumgodi, ndipo chikachedwa m'nyumba mumalowa mdima. Ena ali ndi chifukwa chomveka, pakuti mphunzitsi kapena wa mu ofesi ali ndi ora limodzi lokha la masana, ndiponso wodwala shuga kapena womwa mankhwala ofuna chakudya sayenera kudikira. Pamenepo nsimayo ilowe m'gulu la zinthu zosasuntha, ndipo tsiku lonse likonzedwe mozungulira iyo. Koma pali masiku amene nsima ndi sikelo sizingatheke zonse ziwiri, ndipo tsiku lotero lisakudzidzimutseni ngati kuti simunkalidziwa. Nenani usiku wake, modekha, ana atagona: "Bambo, mawa ndi tsiku la katemera wa mwanayu, ndipo kusikelo mzere umatalika. Ndikusiyirani mbatata ndi thobwa, nsima tidzadya ndikabwera." Abambo ambiri sakwiya ndi kuchedwa kwenikweniko, amakwiya ndi kufika pakhomo pali zii osadziwa kumene mwapita. Ena mukawauza bwino amakuperekezani ndi njinga. Koma bambo amene amakweza dzanja chifukwa cha nsima, vuto lake si la wotchi, ndipo nkhani yotero ndi ya kwa ankhoswe, kwa amfumu kapena kupolisi, osati ya kudzuka m'mamawa kwambiri.

Inu apongozi ndi anachemwali aakulu, nanunso muli ndi gawo. Mtengwa kapena mwana wanu akachoka kuchipatala ndi khanda, musamuyeze ndi ora limene watulukira m'nyumba. Wagona pang'ono, wayamwitsa usiku wonse. Msiyeni agone pamene khanda lagona, ngakhale dzuwa lili paliwombo, ndipo inu mumutungire madzi.

Chomaliza chimene chimagwetsa ndandanda iliyonse ndi maliro. Uthenga ukamveka m'mudzi makasu amaikidwa pansi, msonkhano wa gulu umaimitsidwa, ndipo palibe amene angatsutse, pakuti maliro n'kulirana. Magulu anzeru amapangana pasadakhale kuti zovuta zikagwa pa tsiku la msonkhano, msonkhanowo udzachitika tsiku lakuti lotsatira, kuti pasakhale kufunsana ndi kudikirana mpaka mwezi kutha. M'dzinja, pamene maliro awiri kapena atatu otsatizana akhoza kudya sabata yonse ya kupalira, amayi a m'gulu limodzi angathe kuthandizana chipalizi, lero m'munda wa uyu, mawa wa uyo, kuyambira wa anamfedwa.

Koma pali kanthu kamodzi kamene kasamatsale pakhomo. Mukamanga chitenje kupita kukagona kusiwa, makamaka ngati malirowo ali kutali, kwa Phambala kapena kutsidya ku Angónia, ikani botolo la mankhwala anu m'kachikwama pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala, ndipo muwerengere masiku owonjezera, pakuti mwambo ukhoza kudikira wachibale wochokera ku Johannesburg. Ngati simufuna kuti anthu aone, tulukani ngati mukupita kuseri, mumwe ndi madzi a m'kabotolo kanu. Ngati mwana amene mwasiya ndi agogo ake ali pakati pa LA, awerengereni mapiritsi a madzulo ndi a m'mawa padera, muwaonetse ndi chala. Usiku wa kusiwa ndi wautali, ndipo nyimbo zikafika pakati palibe amene adzakukumbutseni.